Kakonzedwe ka Ukwati Wokomera Mabanja Onse Awiri

Loweruka lililonse kuyambira mwezi wa Ogasiti mpaka Disembala, munthu woyenda m'misewu ya Blantyre, Lilongwe, Zomba kapena Mzuzu salephera kukumana ndi mdipiti wa galimoto zomangidwa nsalu zoyera, mahutala akulira, amayi atasuzumira pawindo akululutira. Woonerera ali m'mbali mwa msewu amangoona kukongola kwa tsiku limodzilo, koma amene anakhalapo mu komiti ya ukwati amadziwa kuti kumbuyo kwake kuli miyezi ya misonkhano, kusonkherana, kupepesana ndi kusowa tulo. Ine ndakhala m'makomiti otere kangapo, nthawi zina ngati wachibale, nthawi zina ngati mnzake wa mkwati, ndipo chimene ndaona n'chakuti ukwati umene umasiya anthu ali okondwa ndi umene mabanja awiri aukonzera limodzi kuchokera pachiyambi, pogwiritsa ntchito ndalama zimene zilipo kale m'manja. Malangizo onse amene ndikupereka pano atsamira pa mfundo imeneyi.

Yambani ndi ankhoswe

Musanayambe kufunsa mtengo wa holo kapena kusankha mtundu wa nsalu, pitani kwa amalume anu, amene ena ku Chigawo cha Pakati amawatchula kuti atsibweni, mukawauze kuti mwapeza munthu womanga naye banja. Mnyamata akauza amalume ake, iwo ndi amene amanyamuka kukaonekera kwa amalume a mtsikana, ndipo kuchokera pamenepo nkhani imachoka m'manja mwa anthu awiri okondana n'kukhala ya mabanja. Achinyamata ambiri a m'tauni amaona ngati gawo limeneli ndi longotayitsa nthawi, makamaka ngati onse awiri ali pantchito ndipo akudzilipirira okha zonse. Koma tsiku limene mudzasemphane mawu m'nyumba, amene adzakhale pansi kumva mbali zonse ziwiri si wojambula zithunzi kapena wokongoletsa holo ayi, ndi ankhoswe. Choncho sankhani anthu okhwima maganizo, osunga chinsinsi, amene angathe kufika pakhomo panu mukawaitana, ndipo mbali iliyonse ikhale ndi nkhoswe yaikulu ndi yothandizira. Ngati amalume enieni ali kutali kapena anatisiya, banja likhale pansi ligwirizane za amene angaimirire m'malo mwawo. Musamangotola munthu wa mumzinda chifukwa choti ali ndi galimoto ndiponso amadziwa kulankhula pagulu.

Pa kukumana koyamba kwa ankhoswe ndi pamene muyenera kuunika kusiyana kwa miyambo, chifukwa dziko lathu lili ndi njira ziwiri zikuluzikulu zomangira banja. Pakati pa Achewa, Amang'anja, Ayao ndi Alomwe, ana amawerengedwa kuchikazi, ndipo mwambo wakale unali wa chikamwini, mwamuna kukamanga kwawo kwa mkazi, pokhapokha atapempha chitengwa. Pakati pa Atumbuka, Ankhonde, Angoni a ku Mzimba ndi Asena a ku Chikwawa ndi Nsanje, mwamuna amapereka malowolo, kaya ng'ombe kaya ndalama, ndipo mkazi amapita kwa mwamuna. Mnyamata wa ku Mulanje akamakwatira ku Rumphi, kapena wa ku Karonga akamakwatira ku Dedza, nkhani zimenezi zikambidwe poyera miyezi ingapo ukwati usanachitike. Kodi malowolo aperekedwa onse nthawi imodzi, kapena gawo lina lidzatsala? Kodi banja latsopanoli lidzatcha kuti kwawo ndi kuti? Mafunso amenewa ndi olemera, ndipo ena amawazemba poopa kukhumudwitsana, koma nkhanga zinapangana kusanapse. Ndinaonapo ukwati wina umene unaima kwa maola awiri m'mawa wa tsiku lenilenilo, mkwatibwi atavala kale, chifukwa akuchikazi anakumbukira kuti ng'ombe imodzi inali isanafike, ndipo panalibe amene analemba zimene anagwirizana poyamba. Zimene ankhoswe amvana zilembedwe m'kabuku, mbali iliyonse isunge kake.

Chinkhoswe chenicheni sichifuna chuma chambiri. Zofunika zake ndi zimene makolo athu ankazidziwa kale: tambala wochokera kuchimuna ndi thadzi lochokera kuchikazi, zimene ankhoswe amasinthana pamaso pa anthu, nkhuku yophika imene amagawana posonyeza kuti asenza udindo, ndiponso ziwiya zophiphiritsa ntchito za pakhomo, monga khasu, nkhwangwa ndi chikwanje kwa mwamuna, ndipo lichero, mphika, mthiko, chipande, mtondo ndi munsi kwa mkazi. Pamakhalanso kamwambo kosangalatsa kofunditsa atsikana angapo zitenje kumutu mpaka kumapazi, akuchimuna n'kumaponya kangachepe kuti avundukule mmodzimmodzi mpaka apeze mbeta yawo. Masiku ano chinkhoswe chambiri chasanduka ukwati wachiwiri, cha mu holo, chokhala ndi wotsogolera mwambo wolipidwa, zovala zosinthasintha ndi zoimbira zamphamvu. Ngati thumba likulola, palibe choletsa. Koma ngati ndalama ndi zoperewera, chitirani chinkhoswe pabwalo la nyumba ya makolo a mkazi, pa mphasa ndi mipando yobwereka kwa anansi, ndi thobwa, ndipo ndalama zotsalazo zisungidwire tsiku la ukwati. Anthu amene mudzawaitana ku chinkhoswe ndi omwewo amene mudzawaitananso ku phwando lotsanzikana ndi mkwatibwi ndiponso ku ukwati, ndipo matumba awo nawonso ali ndi malire. Kuwaitana katatu m'miyezi itatu kuti adzafupe ndi kuwatopetsa tsiku lalikulu lisanafike.

Za kumpingo ndi za boma

Ankhoswe akamvana, kaonaneni ndi atsogoleri a mpingo kapena a mzikiti musanalengeze tsiku kwa wina aliyense. Mipingo yambiri, kuphatikizapo wa Katolika ndi wa CCAP, imafuna kuti ukwati ulembetsedwe nthawi ikadalipo, ankhoswe aonekere, awiriwo alandire maphunziro a banja, ndipo ukwatiwo ulengezedwe m'tchalitchi kwa masabata angapo kuti ngati pali wodziwa choletsa anene. Ngati mmodzi wa inu ndi wa mpingo wina, kapena makalata ake a ubatizo anatsala kumudzi, zimenezi zimatenga nthawi, ndipo si zoyamba kuthamangira kutatsala sabata ziwiri. A Seventh-day Adventist kawirikawiri amamangitsa ukwati Lamulungu chifukwa Loweruka ndi Sabata, Akatolika sakonda madyerero m'nyengo ya Lenti, ndipo kwa Asilamu phwando la masana silingayende m'mwezi wa Ramadan. Ganizirani zimenezi ngakhale pamene zikukhudza achibale a mbali imodzi yokha. Mipingo yambiri imalimbikitsanso kuti awiriwo akayezetse magazi limodzi, ndipo ine ndikuti pitani ngakhale pasakhale wokukakamizani, chifukwa ndi bwino kulowa m'nyumba mukudziwana bwinobwino.

Kumbali ya malamulo, lamulo la maukwati, kutha kwa maukwati ndi ubale wa m'banja la chaka cha 2015 limavomereza ukwati wa kwa DC, wachikhalidwe, wachipembedzo, ndiponso wa anthu amene akhalira limodzi nthawi yaitali mpaka kudziwika ngati banja. Lamuloli linaika zaka 18 ngati msinkhu wocheperatu wolowera m'banja, ndipo mu 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo aakulu a dziko kuti agwirizane ndi zimenezi, moti palibenso kholo kapena nkhoswe imene ingaloleze mwana wosafika zaka zimenezi kukwatiwa. Amene akufuna ukwati wa kwa DC adziwe kuti chidziwitso chimayamba chapachikidwa kwa masiku 21, ndiponso kuti ukwati wa mtundu umenewu sulola mitala. Njira iliyonse imene mungatsate, onetsetsani kuti mwalandira mtchatho wosainidwa bwino, maina atalembedwa monga momwe alili pa ziphaso zanu za unzika. Kapepala kameneka kamaoneka kopanda ntchito tsiku la chisangalalo, koma kamafunika pa nkhani za penshoni, za inshuwalansi, za ulendo wakunja ndi za chuma cha masiye.

Posankha tsiku, kumbukirani nyengo. Mvula imagwa kuyambira cha mu Novembala mpaka Epulo, misewu ya kumidzi imavuta, ndipo Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi imene nkhokwe zambiri zimakhala zitapepuka, makolo ali kalikiliki ndi feteleza ndi fizi. Juni ndi Julayi kumazizira, makamaka ku Dedza, ku Mzuzu ndi madera a chiperoni monga Thyolo ndi Mulanje, pamene Okutobala amatentha kwambiri moti phwando la panja lopanda matenti limazunza okalamba. N'chifukwa chake ambiri amathamangira miyezi ya pambuyo pa kukolola, koma zotsatira zake n'zakuti maholo odziwika ndi matchalitchi amadzaza msanga. Loweruka la kumapeto kwa mwezi, anthu atalandira, limalimbiranidwa kwambiri, ndipo amene akulifuna alipire malo miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo lisanafike.

Komiti ndi ndalama

Mutu umodzi susenza denga, ndipo ukwati sungayende popanda komiti. Koma komiti ya anthu 40 imangokhala msonkhano wa phokoso. Sankhani anthu ochepa, ochokera mbali zonse ziwiri mofanana, ndipo pakhale wapampando, mlembi ndi msungichuma. Ngati wapampando wachokera kuchimuna, msungichuma achokere kuchikazi, kuti pasadzakhale mbali yonena kuti inangoitanidwa kudzaombera m'manja. Ena onse apatsidwe ntchito yodziwika ndi dzina: uyu za chakudya, uyu za mayendedwe, uyu za malo ndi mipando, uyu za kulandira alendo. Gulu la pa WhatsApp limathandiza kukumbutsana, koma nkhani zikuluzikulu zigamulidwe pamsonkhano wa maso ndi maso, chifukwa pa foni anthu amalemba mawu amene sangawanene atakhala moyang'anizana ndi apongozi.

Pamsonkhano woyamba, akwati anene mosabisa ndalama zimene ali nazo. Apa ndi pamene maukwati ambiri amasokonekera. Komiti imalemba bajeti ya zinthu zimene inaziona pa ukwati wa wina, kenako n'kuyamba kufunafuna kumene ndalamazo zichokere, ndipo zikaperewera wina amati: tiyeni tikongole, tidzabweza ndi za perekaniperekani. Mawu amenewa muwakane, ngakhale atachokera kwa munthu amene mumamulemekeza. Palibe amene amadziwa kuti anthu adzafupa zingati. Mvula ikhoza kugwa, maliro akhoza kuchitika m'dera lomwelo, mwina tsiku lomwelo kuli maukwati ena atatu a anthu a mpingo wanu. Ndikudziwa banja lina limene linatenga katapila kuti lilipire holo yapamwamba ndi galimoto zobwereka, ndipo madzulo a tsiku la ukwati, ndalama zitawerengedwa, zinapezeka kuti sizikufika ngakhale theka la ngongoleyo. Miyezi yawo yoyamba m'banja, imene inayenera kukhala yodziwana ndi kukonza pakhomo, inathera pa kuzemba mwini ndalama ndi kulozana zala kuti anayambitsa ndani. Ndalama za perekaniperekani ndi mphatso yoyambira moyo watsopano: lendi ya miyezi yoyamba, matiresi, mbaula, thumba la chimanga, mwina kampamba ka bizinesi. Zisakhale ndi mwini wake zisanalowe m'lichero.

Njira yabwino ndi kuyamba ndi ndalama zimene zilipo, kuphatikiza zimene achibale alonjeza motsimikiza, kenako n'kudula zofuna kuti zikwane m'menemo. Malonjezo muwawerengere mochepetsa, chifukwa pamsonkhano anthu amalonjeza ndi mtima wabwino koma mwezi ukatha amakumana ndi zawo. Msungichuma akhale ndi nambala imodzi ya Airtel Money kapena TNM Mpamba yodziwika kwa onse, alembe chilichonse cholowa ndi chotuluka, ndipo aziwerenga lipoti pamsonkhano uliwonse. Achibale amene ali ku Joni, ku UK kapena kwina amathandiza kwambiri, ena kudzera pa Mukuru ena ku banki, koma auzeni msanga ndipo musawasenzetse ukwati wonse ngati kuti kumene aliko ndalama amangotola. Kumbukiraninso kuti mitengo siima. Mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo amene anali atangomva mitengo pakamwa osalipira kanthu anapeza zonse zasintha m'sabata zochepa. Choncho zinthu zosaonongeka msanga, monga mpunga, mafuta ophikira, shuga, mchere ndi nsalu, muzigula pang'onopang'ono ndalama zikangopezeka. Aliyense amene mwamulemba ntchito, kaya wojambula, wokongoletsa, woimba nyimbo kapena wophika keke, mulemberane pa pepala: ntchito yake ndi yotani, afika nthawi yanji, mwalipira zingati, zatsala zingati. Musamalize kulipira ntchito isanagwiridwe. Ndipo pa bajeti yonse patulani kagawo, mwina limodzi mwa magawo khumi, kosungira zadzidzidzi, chifukwa sizilephera.

Pali zinthu zimene mungachepetse popanda wina kudandaula. Diresi la mkwatibwi likhoza kubwerekedwa m'malo mogula. Operekeza akwati akhoza kukhala anayi m'malo mwa khumi ndi awiri, ndipo musawakakamize kugula zovala zodula zimene sadzavalanso. Galimoto za achibale ndi anzanu, zitatsukidwa bwino, zimakwana. Holo ya sukulu kapena ya mpingo, itakongoletsedwa mwaluso, imagwira ntchito yomweyo imene holo ya mtengo wapatali imagwira. Chitenje chofanana cha achibale ndi chinthu chokoma, chimasonyeza umodzi, koma sankhani cha mtengo woti azakhali a kumudzi angathe kugula, ndipo agogo muwagulire ndinu. Koma pali zinthu ziwiri zimene simuyenera kuumira: chakudya cha alendo ochokera kutali, ndi mayendedwe a makolo.

Alendo ndi chakudya

Kuno kwathu khadi loitanira munthu mmodzi limabweretsa anthu atatu, ndipo kumudzi ukwati suitanidwa n'komwe, aliyense womva ng'oma amabwera. Zimenezi si vuto loti mulimbane nalo, ndi mmene tilili, ndipo wokonza ukwati wanzeru amaziwerengera. Ngati mwasankha phwando la anthu owerengeka lolowera makhadi, uzani ankhoswe msanga kuti akafotokozere achibale mwaulemu, ndipo konzani chakudya china kunyumba kwa makolo kuti amene sadzalowa mu holo asadzabwerere ndi njala. Chinthu chimene chinandiwawa kwambiri pa maukwati onse amene ndakhalapo chinachitika pa khomo la holo ina mumzinda. Lole yodzaza ndi achibale a mkwati inafika kuchokera kumudzi, atanyamuka usiku, amayi atavala chitenje cha ukwatiwo, atanyamula nkhuku ndi malichero a ufa ngati mphatso. Mnyamata wolondera pakhomo anawabweza chifukwa analibe makhadi. Pakati pawo panali agogo amene analera mkwatiyo mayi ake atamwalira. Anakhala pansi pa mtengo panja, thumba lawo lili pamiyendo, mpaka munthu wina wa mu komiti anawazindikira patapita nthawi. Anawalowetsa, anawapepesa, koma nkhani imeneyo ikukambidwabe m'banjamo mpaka lero. Pakhomo pasamakhale mlendo yekha. Muikepo wachibale mmodzi wa kuchimuna ndi mmodzi wa kuchikazi, odziwa nkhope za kwawo.

Alendo ochokera kutali amafika Lachinayi kapena Lachisanu, ndipo amafunika pogona, madzi osamba ndi chakudya cha masiku onsewo, osati cha Loweruka lokha. Bajeti zambiri zimaiwala zimenezi. Pemphani anansi ndi a mpingo kuti alandireko ena, gulani nkhuni kapena makala okwanira, ndipo ngati kwanuko madzi amavuta, dzazani migolo kusanache. Ngati ukwati uli kumudzi, kadziwitseni amfumu nthawi ikadalipo, ndipo amayi ayambe msanga kukonza chimera cha thobwa ndi kukonola chimanga. Ophika amadzuka usiku kwambiri, ena amagona pomwepo pafupi ndi mafuwa, ndipo pofika m'bandakucha miphika ikuluikulu yobwereka kumpingo imakhala ili pamoto, wina akusankha mpunga, wina akusosola nkhuku, wina akudula kabichi, nyimbo zili pakamwa. Amayi amenewa, kaya ndi a Mvano, a bungwe la amayi Achikatolika, a Dorika kapena anansi chabe, ndi amene amanyamula ukwati pamutu, ndipo kawirikawiri mwambo wa m'tchalitchi sauona n'komwe. Apatseni mtsogoleri mmodzi wosunga kiyi wa chipinda cha zakudya, apatulireni chakudya chawo chisanathe, ndipo wotsogolera mwambo awathokoze pagulu.

Pa kuchuluka kwa chakudya, funsani mayi amene waphikirapo maukwati ambiri m'dera lanu, chifukwa iye amadziwa mmene anthu akumeneko amadyera kuposa pepala lililonse. Mwa zimene ine ndaona, kilogalamu imodzi ya mpunga imakwanira anthu pafupifupi 8, ndipo ndi nzeru kuphikanso nsima chifukwa akuluakulu ambiri akadya mpunga okha amaona ngati sanadye. Mpunga wa Kilombero wa ku Karonga umakondedwa chifukwa cha fungo lake, koma ngati wakwera mtengo, mpunga wina wosankhidwa bwino ndi wokwana. Ngati pakati pa alendo pali Asilamu, mbuzi ndi nkhuku zichinjidwe ndi Msilamu, ndipo nyama ya nkhumba isayandikire miphika imeneyo. Ogawa chakudya ayambe ndi okalamba ndi ochokera kutali, ana akhale ndi mzere wawo, ndipo chakudya cha akwati ndi makolo awo chipatulidwe padera.

Nkhani ina imene anthu saikonda kuikamba ndi ya maliro. Zimachitika kuti kutatsala masiku ochepa, wachibale amatisiya. Zikatero, akwati asagamule okha, ndipo komiti isagamule pa foni. Ankhoswe a mbali zonse akhale pansi ndi eni maliro, aone kuyandikira kwa ubale, ndipo chimene agwirizane, kaya kupitiriza mwakachetechete kaya kusuntha tsiku, chilengezedwe ndi iwowo. Polemberana ndi eni holo ndi ena onse, funsiranitu kuti zidzakhala bwanji tsiku likasintha pa chifukwa chotere.

Tsiku lenilenilo

Kutatsala sabata imodzi, komiti ikhale pansi komaliza ndi kuyenda m'ndondomeko yonse kuyambira m'mawa mpaka madzulo, aliyense anene chimene adzachite ndi nthawi yake. Galimoto zithiridwe mafuta Lachinayi, osadikira Loweruka m'mawa, chifukwa tonse tikudziwa mmene mizere ya pa malo omwetsera mafuta imakhalira zinthu zikavuta. Pakhale jenereta yoyesedwa kale ndi mafuta ake, kuti magetsi akazima nyimbo zisaime. Mphete, mtchatho ndi ziphaso zikhale ndi munthu mmodzi wodalirika. Okonza tsitsi ndi nkhope ya mkwatibwi ayambe m'mamawa kwambiri, chifukwa kuchedwa kwambiri kumayambira pamenepo, ndipo matchalitchi ena amakhala ndi maukwati angapo tsiku limodzi moti wochedwa amadikira kumapeto. Galimoto yonyamula makolo ndi ankhoswe ikhale yodziwika, ndipo isatumidwe ntchito ina. Akwati adye kanthu m'mawa, ndipo akatuluka m'tchalitchi kujambulitsa kusatenge maola atatu anthu akudikira mu holo.

Madyerero amayenda bwino kapena moipa malinga ndi wotsogolera mwambo. Khalani naye pansi tsiku lisanafike, mumupatse maina a makolo, ankhoswe ndi mafumu olembedwa bwino ndi maudindo awo, ndipo mumuuze zimene simukufuna. Pali otsogolera ena amene amachititsa anthu manyazi pofuna kukweza ndalama, kumuimiritsa munthu pagulu kuti awonjezere, kapena kunena nthabwala zolaula pamaso pa apongozi. Zimenezi zimabweretsa ndalama zochepa ndi madandaulo ambiri. Perekaniperekani ndi wokoma akamayenda mwa dongosolo: akuchikazi, akuchimuna, a kumpingo, anzawo a kuntchito, anansi, gulu lililonse ndi nyimbo yake, anthu akuvina kupita kutsogolo, amayi akululutira. Koma asatalike mpaka anthu kuyamba kutuluka keke isanadulidwe. Maulendo ochepa okonzedwa bwino amaposa maulendo makumi awiri a anthu omwewo. Mayi amene waponya K200 yake yomwe anaisunga pa mfundo ya chitenje alandire ulemu wofanana ndi bwana amene waponya ma K5,000.

Pa tebulo la ndalama pakhale anthu anayi, awiri mbali iliyonse, amene ntchito yawo ndi kusinthira anthu ndalama zing'onozing'ono ndi kuwerenga zimene zalowa. Konzeranitu ndalama zosinthira kuchokera ku banki mkati mwa sabata. Otola ndalama akhale odziwika, ovala chizindikiro, ndipo anthu aziponya m'malichero kapena m'mabeseni m'malo moponya pansi. Banki yaikulu ya dziko lino, Reserve Bank of Malawi, yakhala ikudandaula za kupondaponda ndalama pa maukwati chifukwa zimang'ambika msanga, komanso ndalama zomwazika pansi ndi zimene zimasowa. Gawo lililonse likatha, zowerengedwa zilembedwe ndipo awiri asaine. Mphatso zokulungidwa zilembedwe m'buku ndi dzina la wopereka, ndipo zikhale ndi galimoto yake ndi munthu wake wozilondera mpaka zitafika kunyumba.

Pakati pa zonsezi, musaiwale kusangalala. Akwati ena amakhala pa mpando wa ulemu nkhope zili gwaa, maso ali pa tebulo la ndalama kapena pa khomo, kuwerengera amene sanabwere. Ntchito imeneyo mwaipereka kale kwa komiti, isiyeni m'manja mwawo. Vinani ndi amayi anu, pitani mukagwade pamene akhala agogo muwagwire dzanja, yang'anani anzanu amene ayenda mtunda wautali chifukwa cha inu. Achibale amene ali kunja akhoza kuonera pa Facebook kapena pa WhatsApp ngati mwapatsa wachinyamata mmodzi foni ndi ntchito imeneyo. Zolankhula zikhale zochepa ndi zazifupi: woimira banja la kuchikazi, woimira la kuchimuna, ndi akwati kuthokoza. Yesetsani kutseka dzuwa lisanalowe, kuti obwerera kutali ayende kukuwala.

Madzulo, phokoso litatha, pamakhala mwambo wa malangizo, pamene alangizi a mpingo kapena anankungwi pamodzi ndi ankhoswe amakhala ndi akwati m'nyumba. Ngakhale mutatopa chotani, apatseni nthawi yawo ndipo mumvetsere modzichepetsa. Ngati mukuona kuti tsikulo lidzakhala lodzaza kwambiri, pemphani kuti mbali yaikulu ya malangizo ichitike masiku a m'mbuyo, kuti usikuwo kudzangotsala mawu ochepa ndi pemphero. Usiku womwewo kapena m'mawa mwake, msungichuma apereke ndalama zonse kwa akwati pamaso pa ankhoswe a mbali zonse ziwiri, pamodzi ndi buku la zolowa ndi zotuluka. Ngati pali wina amene sanamalizidwe kulipidwa, anenedwe pomwepo. Ndalamazo zisagone m'nyumba masiku ambiri, zikasungidwe ku banki Lolemba.

Ntchito ya komiti simathera pa nyimbo yomaliza. Lamulungu ndi Lolemba pamakhala miphika yoti itsukidwe ndi kubwezedwa kumpingo, mipando ndi matenti zoti ziwerengedwe, mabotolo oti abwerere ku golosale, diresi ndi masuti zoti zibwezedwe tsiku lisanapitirire. Sankhiranitu anthu a ntchito imeneyi, chifukwa ukwati ukatha aliyense amakumbukira zakwake. Alendo a kumudzi apatsidwe thiransipoti yobwererera ndi kakamba ka panjira, ndipo wina awaperekeze mpaka pokwerera basi. Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, itanani komiti ndi amayi ophika aja kunyumba kwanu kwatsopano, muwaphikire tiyi kapena nsima ndi manja anu, msungichuma awerenge lipoti lomaliza, ndipo gulu la pa WhatsApp litsekedwe. Kenako, mwezi usanathe, nyamukani nonse awiri mukaone ankhoswe a mbali iliyonse kwawo, mutanyamula shuga ndi sopo, kuti adziwe kumene mukukhala ndi mmene mwayambira.